Tinakweza maso mu Lilongwe tisanathire simenti

Ambiri a ife tikamayenda mu Lilongwe maso amakhala pansi. Timalumpha matope, timazemba akabaza, dzanja lili pathumba. Munthu akhoza kutha zaka makumi awiri akutsika minibasi ku City Centre m'mawa uliwonse, koma mutamufunsa kuti nyumba imene amadutsa pambali pake ili ndi mazenera otani, angokuyang'anani. Ifenso tinali otero mpaka chaka chimene tinayamba kumanga.

Ndalama tinasunga zaka zambiri, pang'onopang'ono, ndipo puloti inali itapezeka. Tsiku lina mmisiri amene tinagwirizana naye anabwera ndi chithunzi pafoni. Inali nyumba ya kunja, yoyera mbee, denga lobisika kuseri kwa khoma, kumaso konse galasi lokhalokha kuchokera pansi mpaka m'mwamba. "Bwana, masiku ano anthu akumanga izi," anatero. "Za makonde zija n'zachikale." Ana anaikonda nthawi yomweyo. Ifenso tisaname, mtima unatengeka. Koma puloti yathu imayang'ana kumadzulo, ndipo aliyense amene anakhalapo mu Lilongwe mwezi wa Okutobala akudziwa zimene dzuwa la 3 koloko masana limachita. Tinawapempha amisiriwo kuti atipatse milungu ingapo. Tinkafuna tiyambe taona nyumba za mumzinda mwathu momwemu, zimene zakhala padzuwa ndi pamvula ya kuno zaka zambiri, tisanamange chinthu chimene sitidzakhala ndi ndalama yochiphwasulira.

Nyumba imene imakula chokwera

Poyambira pabwino ndi pa Reserve Bank of Malawi. Nyumba zambiri zosanja zimakwera mowongoka, kapena zimayamba zazikulu pansi n'kumachepa chokwera. Iyi inachita zosiyana. Nsanjika iliyonse imatulukira kunja kuposa ya pansi pake, moti nyumba yonse imaoneka ngati dengu lalikulu limene wina walikhazika pakati pa mitengo. Mwana wathu wotsiriza ataiyang'anitsitsa anafunsa ngati siidzagwa. Tinamuuza kuti bankiyi inasamutsira likulu lake kuno kuchoka ku Blantyre mu 1981, iye ndi azikulu ake onse asanabadwe, ndipo nyumbayo ikadali chiimire.

Mukadzapitako, mudzaime chapatali masana n'kuona pamene mthunzi ukugwera. Nsanjika ya pamwamba imaphimba mazenera a nsanjika ya pansi pake, iyonso n'kuphimba inzake. Dzuwa likafika paliwombo magalasi amakhala mumthunzi, ndipo mvula ikamagwa makoma sakhala pambalambanda. Ndi nzeru yomwe ija ya denga la nkhokwe, limene agogo athu ankalitulutsa kunja kuti chimanga chisavumbwe. Ife tinaima pamenepo nthawi yaitali. Palibe chokongoletsa chochita kumatapo, koma nyumbayo siiwalika. Ndi nyumba zochepa mumzinda muno zimene mwana angazijambule pamchenga aliyense n'kuzizindikira.

Kuti munthu amvetse City Centre ayenera kukumbukira kuti malowa sanakule okha ngati mmene imakulira misika. Anachita kuwajambula papepala. Likulu la dziko linali ku Zomba, ndipo Lilongwe inali boma ndi tauni ya malonda m'mphepete mwa mtsinje. Boma la Dr. Kamuzu Banda litaganiza zosamutsa likulu, mu 1968 linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation. Ngongole yoyambira, ndalama zokwana 8 miliyoni randi, inachokera ku South Africa, imene nthawi imeneyo inali pansi pa ulamuliro watsankho, ndipo pulani ya mzinda anajambula ndi akatswiri a komweko. Lilongwe inakhala likulu mu 1975.

Maganizo a ojambulawo anali a mzinda wokhala ngati munda: madera otalikirana, mitengo pakati. N'chifukwa chake pakati pa tauni yakale ndi City Centre pali nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, chinthu chimene mizinda yambiri ingachilakelake. N'chifukwa chakenso maofesi a boma ku Capital Hill sanapikisane kutalika. Anangoyala paphiri, nsanjika zochepa, mitengo n'kuwazungulira. Manambala a madera sanatsatire kuyandikana kwa malo, ndiye mlendo asadabwe kupeza Area 43 itagundana ndi Area 10.

Koma pulani yomweyo ili ndi chilema chimene timachimva m'miyendo ndi m'thumba tsiku lililonse. Inagawa anthu potengera mapezedwe: a mayadi aakulu kwaokha, a nyumba zothinana kwaokha, ntchito kwina. Ndi mzinda wojambulira munthu wa galimoto. Mayi wa ku Area 25 kapena ku Kawale amene amakonza m'maofesi okongolawa amadzuka kukadali mdima. Ndipo misewu itayamba kukulitsidwa zaka zapitazi, mitengo yambiri imene inkachitira mthunzi oyenda pansi mumsewu wa Kenyatta inagwetsedwa. Msewu wake ndi wabwino, sitikana. Koma yendanipo wapansi mu Okutobala.

Makonde a m'tauni

Ku tauni yakale kulibe nyumba yoti alendo n'kuijambula kwambiri, kupatula mzikiti wa pafupi ndi mlatho, umene nsanja zake zimaonekera patali. Chuma cha kumeneko ndi makonde. Masitolo akale a ku Area 2 anamangidwa ndi khonde kumaso, denga lotulukira kumsewu, mizati ikuligwira. Pansi pa khondepo pamakhala atelala ndi makina awo, okonza mawotchi ndi mafoni, amayi odikira kuti mvula ikate. Sitolo ndi ya mwini wake, koma khonde ndi la aliyense. M'kati mwa sitolo mumazizira chifukwa dzuwa silifika pakhoma.

Nyumba zina zatsopano zimene zikulowa m'malo mwa masitolowa zikubwera zopanda khonde. Khoma la galasi lonyezimira limayambira pomwe pathera msewu. Mvula ikakupezani pamenepo mulibe kothawira, ndipo masana galasilo limakubwezerani dzuwa kumaso. Sitikunena kuti zakale zonse zisungidwe. Zina zatha ndithu, malata adzimbiri, mawaya a magetsi ali lendelende. Koma tikanakonda omanga atsopano akanatengako khonde.

Za galasi ndi za dothi

Nyumba zikuluzikulu zimene zabwera m'zaka za posachedwa nazo zili ndi nkhope yawoyawo. Chiliza cha Kamuzu chinatsegulidwa mu 2006. Nyumba ya Malamulo, yomangidwa ndi thandizo la dziko la China, inatsegulidwa mu 2010. Ndi ija ili kuseri kwa K200, ndi denga lake lozungulira ndi mizati yake. Kenako kunabwera Bingu International Convention Centre ndi hotela yake yaitali, ndipo mu 2017 bwalo la masewero la Bingu ku Area 48. Nyumba ya Malamulo imapatsa ulemu, makamaka dzuwa likamalowa. Ya misonkhanoyo usiku magetsi akayaka imaoneka ngati ya kunja, ndipo mwina vuto lake laling'ono ndi lomwelo: mukhoza kuinyamula n'kukaikhazika mumzinda wina uliwonse, palibe angadabwe.

Chimene tinaphunzira poyang'ana nyumba za magalasi n'chakuti zimadalira makina. Galasi limalowetsa dzuwa koma kutentha sikutuluka msanga, monga mmene imachitira galimoto yotsekedwa mazenera. Kuti anthu akhalemo pamafunika makina oziziritsa, ndipo magetsi akazima pamafunika jenereta ndi mafuta ake. Hotela ikhoza kukwanitsa zimenezo chifukwa alendo amalipira. Banja limene likulipirira ana sukulu silingakwanitse. Chithunzi cha pafoni chija sichinaonetse bilu ya magetsi.

Nyumba yamakono siyenera kukhala ya galasi nthawi zonse. Pa chipatala cha boma ku Kasungu pali chidikiro cha amayi oyembekezera chimene anajambula a MASS Design Group a ku America, ndipo chinatha kumangidwa mu 2015. M'malo momanga holo imodzi yaitali, anamanga tinyumba ting'onoting'ono toyang'anizana ngati pamudzi, makoma a njerwa za dothi zopanikiza ndi makina, madenga otulukira kutali kuti amayi azikhala panja pamthunzi ngakhale kukugwa mvula. Magazini a zomangamanga a m'maiko ena anachijambula n'kuchiyamikira. Njerwa zotere zikuyenera kutizolowera, pakuti kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zootcha pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kupulumutsa mitengo.

Kuseri kwa mipanda

Kumayadi munthu woyenda pamsewu saona nyumba; amaona mipanda, mageti ndi waya wa minga. Ife mwayi wolowa timaupeza chifukwa cha ntchito yoyendera odwala ndi okalamba, ndiye taona zam'kati zambiri, ku Area 3 ndi Area 9 kufupi ndi tauni, ndiponso ku Area 10, 11, 12 ndi 43. Nyumba zakale za kumeneku n'zosadzionetsera: nsanjika imodzi, khonde lotakata, siling'i yokwera, malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni chifukwa cha kuzizira kwa Juni, mitengo ikuluikulu pabwalo. Zatsopano zambiri zimadzaza puloti yonse, mizati italiitali pakhomo, pabwalo ponse simenti. Zina mwa izo n'zokongoladi, zomangidwa moganiza. Zina n'zazikulu chabe.

Nyumba ziwiri sitiziiwala, ndipo tinalowamo mlungu umodzi.

Yoyamba inali yatsopano, ndipo eni ake ndi anthu abwino, olandira alendo. Pabalaza panali masofa akuluakulu asanu ndi awiri, moti podutsa munthu amayenda chammbali. Matailosi onyezimira ngati madzi. Makatani olemera, osanjikiza kawiri, ofika pansi, ndipo anali otseka ngakhale inali 10 koloko m'mawa. Magetsi ndiwo ankayaka. Titafunsa, mtsikana wantchito anati makataniwo satsegulidwa kuopa fumbi ndiponso kuti masofa angasuluke. Fungo la chinyezi linkamveka, ndipo kuseri kwa kabati khoma linali litada. Agogo amene tinapita kukawaona sanali m'nyumbamo. Tinawapeza kuseri, pakhonde la nyumba ya antchito, atakhala pamkeka. "Ana anga," anatero, "m'menemo ndimaopa kuterereka, komanso mpweya umandichepera. Kuno ndiye kwathu." Ndalama zonse zija, mwini ulemu wa pakhomopo n'kumakhala kuseri.

Yachiwiri inali nyumba yakale ya mayi wina wopuma pantchito. Titangolowa tinamva kamphepo, chifukwa chitseko cha kumaso ndi zenera la kuseri zinayang'anizana. Pansi panali simenti yopaka polishi wofiira, yowala chifukwa cha zaka zambiri za kupukuta. Mipando inali inayi yokha, yoluka ija imene amagulitsa m'mbali mwa msewu, ndi mapilo osokedwa ndi zitenje zimene mwini wake ankatha kunena mbiri ya chilichonse: ichi cha paukwati wa mwana woyamba, ichi anandigulira malemu bambo anu ku Chipata. Pakhoma loyera anapachika malichero atatu osiyana kukula ndi chithunzi chimodzi cha banja. Pakona panali makina osokera a Singer a mayi awo, akugwirabe ntchito, ndi mtsuko wa kumudzi wokhala ndi nthambi zouma. Makapu a ku Dedza sanali otsekeredwa m'kabati kudikira alendo apamwamba. Ndi omwewo anatimwetsera thobwa.

Tinawafunsa kuti anawakonzera ndani. Anaseka. "Aa, inu, ndani angandikonzere? Ine ndimangochotsa. Chaka chilichonse ndimachotsa chinthu chimodzi chimene sindichigwiritsa ntchito." Tinakhala m'nyumba imeneyo maola awiri osadziwa.

Zonse zimene zinali pabalaza pawo mtengo wake sungafike pa sofa imodzi ya m'nyumba yoyamba ija. Ndiye nkhani si ya mayadi okha. Tinaonapo chipinda chimodzi ku Kawale, cha mnyamata wosoka nsapato, chimene chinali ndi khalidwe lomweli: bedi loyalidwa bwino, shelefu ya matabwa yokhoma yekha, mphasa yatsopano, zenera lotsegula.

Pamipando yoluka paja pali chodabwitsa. Mipando imeneyi amaitumiza kunja, ndipo m'masitolo a ku Cape Town ndi ku London amaitchula ndi dzina la dziko lathu, Malawi chair, n'kumaigulitsa mtengo wokwera. Kuno kwawo timaiika kukhonde la kuseri, pabalaza n'kuikapo masofa a chikopa chabodza amene pakatha zaka ziwiri amayamba kusupuka. Mbiya ndi mbale za ku Dedza Pottery, zosema za ku Mua, madengu ndi mikeka ya pamsika, zonsezi zili pafupi. Chimodzi chokha tikupempha: wina akakutsatsani bokosi kapena chitseko cha mkungudza wa ku Mulanje, mukane. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo.

Zimene tinabwera nazo papuloti

Titatha kuyendayenda tinakhala pansi ndi pepala, ndipo choyamba kujambula sichinali nyumba koma dzuwa. Kuno kwathu, miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo miyezi yotentha limadutsa pafupifupi pamutu. Choncho zenera lalikulu limayenera kumpoto, denga litatulukira pang'ono pamwamba pake: mu Juni ndi Julaye dzuwa limalowa n'kufunditsa chipinda, mu Okutobala limatsalira padenga. Khoma lovuta ndi la kumadzulo. Dzuwa likapendeka limalowa chammbali, pansi pa denga, pa nthawi imene kunja kwatentha kale. Kumeneko kumafunika mazenera aang'ono, khonde lotakata ndi mtengo, chifukwa khonde lokha silikwanira dzuwa likatsika.

Chachiwiri ndi mpweya. Zenera limodzi silitulutsa mpweya bwino. Pamafunika polowera ndi potulukira, makoma awiri osiyana. Timabowo ta pamwamba pa mazenera, timene anthu ambiri masiku ano amatitseka kuti nyumba ioneke yamakono, tili ndi ntchito: mpweya wotentha umakwera, ndipo umatulukira pamenepo ngakhale usiku mazenera ali otseka. Tiikeni sefa kuti udzudzu usalowe, koma musatimate. M'nyumba yosayenda mpweya chifuwa chachikulu chimafala mosavuta, ndipo chinyezi chimavutitsa a mphumu. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire chotani. Mpweya wake woipa sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Ngati mpanda wa njerwa waima pafupi kwambiri ndi zenera, dziwani kuti mwatsekera kunja akuba pamodzi ndi mphepo. Zitsulo za pamazenera nazo, pa chipinda chogona chilichonse pakhale chimodzi chotheka kutsegula m'kati moto utabuka.

Pa za penti, makolo a ana aang'ono asamale. Zaka zingapo zapitazo a Malawi Bureau of Standards pamodzi ndi bungwe la Lead Exposure Elimination Project anayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'dziko muno ndipo mu zitini zambiri anapezamo mtovu wopitirira muyezo. Mtovu umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Kuchokera pamenepo makampani ena anasintha kapangidwe, koma penti wakale akadali pa zitseko ndi pamazenera a nyumba zambiri. Pokonzanso nyumba yakale musapale penti wouma ana ali pomwepo, ndipo fumbi lake mulikolope ndi madzi, osati kusesa. Makoma a m'kati penti wa madzi amakwanira, ngakhale njereza imene.

Amisiri aja titawaonetsa pepala lathu anapukusa mutu. "Ndiye bwana mukufuna nyumba ya agogo?" Tinati ayi, tikufuna makoma osalala ndi mizere yowongoka ngati ya pachithunzi chija, ndipo zenera lalikulu likhalepo ndithu, koma liyang'ane kumpoto. Denga lioneke, litulukire kunja. Kumadzulo kukhale khonde la mamita awiri. Anang'ung'udza kuti khondelo lidya malata ambiri, ndipo sananame, linadyadi. Tinachepetsa chipinda cha alendo kuti ndalama ikwane. Ana anakwiya mlungu wathunthu chifukwa cha galasi lawo lija.

Pamene tikulemba pano nyumbayo yafoleredwa koma sitinalowemo. Kumadzulo tinadzala mango awiri ndi m'bawa umodzi, ndipo mbuzi za aneba zadya kale umodzi wa mangowo. Mlungu watha tinapitako masana ndipo tinapeza amisiri ndi anyamata awo akudya nsima pakhonde lomwe ankalikana lija, wina atagona chagada pamatumba a simenti. Nkhani ya pansi ndiyo sinathe. Amayi a kunyumba akufuna matailosi osaterera chifukwa savuta kukolopa, ife mtima uli pa simenti ya polishi wofiira, ndipo amisiri apereka mpaka kumapeto kwa mwezi kuti tigwirizane.